Choko cha mu Juni

Lolemba

Eda yanga yatha Lachisanu lapitali. Miyezi inayi ndi masiku khumi ndili m'nyumba, kulira amuna anga a Rajabu. Ndinalowa anthu akuotha moto, ndatuluka mbuzi zikupumira pansi pa nkhokwe, malilime panja. Okutobala wa ku Balaka! Dzuwa likundiyang'ana ngati ndinalilakwira.

Mmawa uno foni. Alamu a Twaibu, akulu awo a malemu, aja amagulitsa nsomba ku Chiuta.

"Mlamu, njinga yamoto si kabati. Ikangokhala imawola. Ndikubwera Lamulungu kudzaitenga."

Ine chete. Aliyense amadziwa kuti ine ndimakhala chete. Koma lero pakamwa patseguka pokha osandifunsa: "Ndimatha kuyendetsa."

Aseka mpaka kutsokomola. Kenako: "Chambone, chabwino. Ndikakupezani muli pamwamba, injini ikulira, ndibwerera pa minibasi. Njinga ikhala yanu."

Kodi ndanama? Pang'ono. A Rajabu anandiphunzitsa masiku atatu mu Juni, pa bwalo la mpira, mmamawa anthu asanadzuke, chifukwa ine pamaso pa anthu ngakhale kuyetsemula ndimachita manyazi. Ine kutsogolo, iwo kumbuyo. Tsiku lachinayi anadzuka mutu ukuwawa. Anadwala masiku asanu okha.

Njinga ili pomwe anaisiya, kuchipinda, pafupi ndi khoma. Sindikuifunira kabaza ngati mmene ankachitira iwo. Ndani angakwere kwa ine? Ndikungofuna isachoke. Njinga zonse za pamsewu zimalira mofanana kwa anthu ena, koma ine yawo ndinkaimva ikadali kuseri kwa chigayo, n'kutereka madzi osamba.

Ndondomeko:
1. Lero kuitsuka.
2. Mawa kupopa matayala ndi kuiliza.
3. Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu kuyenda nayo pa bwalo.
4. Loweruka kupuma, kuchapa mpango wobiriwira.
5. Lamulungu alamu abwerere pa minibasi.

Zosavuta!

Malamulo a malemu ndikuwakumbukira onse, anali atatu: "Choyamba Bisimila. Chachiwiri kokani choko. Chachitatu kiki." Bisimila ndi kuyamba ndi dzina la Mulungu. Choko ndi kachitsulo kakang'ono ka kumanzere, mmunsi mwa thanki. Kiki ndi pomwe umaponda mwamphamvu kuti injini idzuke. Ankati, "Musadzaiwale choko, mayi. Mukaiwala mudzaponda mpaka mwendo kuguluka."

Ndaitsuka ndi sopo wosambira. Ikuwala. Amayi anga aima pakhomo akuyang'ana: "Wangotuluka kumene. Ukufuna anthu anene chiyani?"

Nambala wani yatheka.

Lachiwiri

Matayala onse awiri afota ngati mabere a agalu okalamba. Pampu ili kwa a Chikopa, oyandikana nawo, aja a kutchalitchi.

Ndayeserera m'nyumba katatu: "Odi, ndabwera kudzabwereka pampu." Mawu ochepa. Ngakhale mwana wa Sitandade wani anganene.

Ndafika, a Chikopa ali pansi pa mtengo wa mango ndi azibambo atatu, akusewera bawo. Onse akweza mitu.

Ndapempha mchere.

Ulendo wachiwiri, azibambo aja akadali pomwepo. Ndapala moto. Kwathu moto ulipo kale.

Ulendo wachitatu Mayi Chikopa andichingamira pa mpanda, manja m'chiuno: "Mwana iwe, mchere watenga, moto watenga. Tsopano wabwerera ndiwo?"

Ndaloza pampu ndi chala. Aseka mpaka kugwira mpanda, kenako andisisita kumsana, kenako alira. Akuti a Rajabu ankawatengera odwala awo kuchipatala osawerengera. Ine maso pansi, pampu m'manja. Sindikudziwa kuti munthu amachoka bwanji pamene wina akulirira mwamuna wako.

Kupopa njinga yamoto ndi pampu ya njinga yakapalasa! Ndayamba mthunzi uli kumadzulo, ndamaliza uli kummawa. Mikono si yanganso.

Ndatsegula mpando. Zomwe ndapezamo:
makoko a mtedza, odzaza manja awiri;
chidutswa cha mpango wanga umene ndinkati anaba;
waya wodyedwa theka;
ana a khoswe anayi, ofiira, opanda ubweya.

Ndinkalira m'chipinda chimenechi miyezi inayi ndikumati ndili ndekha. Chonsecho pansi pa mpando anthu akukwatirana, akubereka!

Mu ekizozi mavu amangamo nyumba yadothi. Ndatokosa ndi kamtengo, mmodzi wandilonjera pa chikope.

M'kabokosi ka zitsulo muli sipanala ziwiri, kansanza, ndi switi imodzi ya jinja yosungunukira pa pepala lake. Ankandibweretsera imodzi tsiku lililonse akaweruka. Iyi sinafike.

Ndakhala pansi nthawi yaitali.

Madzulo ndayesa. Bisimila, choko, kiki. Ziii. Batire latha, hutala sakulira, koma ankati kiki safuna batire. Ndaponda, ndaponda, ndaponda. Yatsokomola kamodzi ngati nkhalamba imene sikufuna kudzutsidwa.

Kamodzi ndi kamodzi. Mawa.

Lachitatu

Diso lamanja latupa, latsekeka. Amayi akuti ndikufanana ndi amalume awo amene anamenyedwa ndi ng'ombe.

Lero ndimayenera kukhala pa bwalo. Ndili pakhonde.

Petulo wa mu thanki akununkha ngati penti. Ndamukhetsera m'chitini, ndapita kumsewu kukagula wina wa m'botolo. Mayi wogulitsayo wandiyang'ana diso, wayang'ana botolo: "Achemwali, si wowotchera munthu, eti?"

Ndapukusa mutu. Ndiye ndaoneka ngati wowotcha munthu weniweni.

Tcheni chachita dzimbiri, chauma gwa. Oyilo kulibe. Amayi, omwe aja samafuna kuti anthu anene, atulutsa mafuta ophikira: "Mafuta ndi mafuta. Chitsulo chilibe lilime." Apaka okha ndi nthenga ya nkhuku, mosamala ngati akudzoza khanda.

Phokoso la kiki laitana azibambo a bawo. Abwera onse anayi, bawo lili kukhwapa. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anayendetsapo njinga yamoto, koma nzeru ali nazo:

A Chikopa: "Yazizidwa. Iikeni padzuwa."
Wachiwiri: "Yatenthedwa. Ithireni madzi."
Wachitatu: "Kiki ya mzimayi ndi yopepuka. Imafuna munthu wa makilo."
Wachinayi, motsitsa mawu: "Chinthu cha malemu chimafuna kuchiuza kaye kuti mwini wake anapita."

Wa makilo uja wakwera. Ine ndamukokera choko mwachangu, asaone kuti ndikudziwa zinazake. Waponda kawiri, chachitatu kiki yabwerera, yamumenya pa msongolo. Wapita kwawo akutsimphina, akutchula mayina a anthu amene sindikuwadziwa.

Onse atachoka ndatseka chitseko cha mpanda. Ndayang'ana uku ndi uku. Ndawerama pa thanki, ndanong'ona: "Anapita. Sabweranso. Ndatsala ine."

Ndikudziwa kuti ndi zopusa. Ashehe atamva angandikhazike pansi.

Bisimila, choko, kiki.

Yalira!

Yalira ndithu. Mawu omwe aja, okhala ngati ili ndi chimfine pang'ono. Nkhuku zathawa. Utsi wakuda bii ukutuluka kumbuyo. Ndawerenga mpweya wanga: kamodzi, kawiri, katatu, kasanu ndi kawiri. Kenako yayamba kubanika, bu, bu, bu, yazima.

Amayi atuluka m'khitchini akuthamanga, chipande m'manja, nkhope yowala. Aima. Aona kuti ndi ine.

Abwerera kukhitchini. Ndawamva akumina.

Sinalirenso lero.

Lachinayi

Nyerere!

Tcheni chonse chikuyenda chokha. Nyerere za mudzi uno, za mudzi woyandikana, mwina ndi za ku Ulongwe, zonse zabwera ku phwando la mafuta ophikira. Ndathira phulusa. Tsopano tcheni chili ndi mafuta, nyerere ndi phulusa, chikulira kwetche kwetche.

Amayi: "Ngwamba, ayi, si mafuta anga amenewo. Nyererezo zinalimo kale."

Ndondomeko yatsopano:
1. Ingolira basi.
2. Zina zonse tiona.

Mayi Chikopa akuti mlongo wawo amadzutsa njinga yake poikankha, ukaika giya yachiwiri n'kusiya kilachi ili mkati mothamanga. Koma pamafunika potsetsereka. Kuno kwa Nsamala dziko lili ngati lichero. Potsetsereka pokha ndi potsikira ku kamtsinje kouma, kuseri kwa mjigo.

Ndimati tipite awiri. Mayi Chikopa auza munthu mmodzi yekha. Pofika kumjigo tili khumi ndi mmodzi, zidebe zasiyidwa pamzere.

Masana enieni. Mpando ukutentha ngati chiwaya, ndayalapo chitenje. Mchenga ukulowa m'mapatapata ngati makala. Ndakoka choko. Azimayi akankha, wina wayambitsa nyimbo ya kumunda, enanso akuvomera.

"Siya! Siya kilachi!"

Ndasiya. Yagwedezeka, yalira, yandikoka. Mayo ine! Mphepo kumaso! Masitepe khumi, mwina khumi ndi asanu. Utsi. Bu, bu, bu. Tayala lakutsogolo lalowa mumchenga, laima. Ine sindinaime.

Zowonongeka:
galasi lakumanja;
bondo lakumanzere;
mpango wobiriwira, wong'ambika pakati;
ulemu.

Choipa kwambiri chikubwera. Pamtunda padutsa akabaza atatu, anzawo a malemu. Akanaseka bwenzi zili bwino. Iyayi. Aima, azimitsa njinga zawo, avula zipewa. Adzutsa yangayo mwaulemu ngati akunyamula maliro. Mmodzi wapukuta nambala ndi dzanja lake.

"Alamu, pepani. Tiione?"

Mumtima ndikuti eya, chonde, ioneni, ndatopa. Pakamwa pakuti: "Zili bwino."

"Zili bwino ndithu?"

"Zili bwino."

Apita akucheukacheuka. Mayi Chikopa andiyang'ana ngati andimeze: "Mwana iwe, tsiku lina udzamira m'madzi ukupereka moni."

Kuikweza pamtunda azimayi atsala atatu okha. Ena akumbukira zidebe zawo.

Bondo ndathira mchere uja ndinapempha Lachiwiri. Wagwira ntchito.

Lachisanu

Basi. Kwa amakanika. Che Kasimu, mdala wa pamsika, ndi amene ankaiona nthawi zonse.

Ndanyamuka mmawa ndikukankha. A Rajabu ankafika pamsika madzi asanawire. Ine njira yomweyo yandidyera mmawa wonse. Njinga yamoto ikamalira imakhala ngati nthenga, ikangokhala chete ndi ng'ombe yakufa. Ndapuma pansi pa mlambe, pansi pa mtengo wa nimu, pansi pa chikwangwani. Thukuta mpaka m'zikhatho. Aliyense wodutsa: "Mafuta atha?" Ine: "Eya." Thanki ili ndi mafuta.

Ndafika Che Kasimu akukhoma loko, mkanjo woyera wavalidwa kale. Juma, mapemphero a Lachisanu!

"Dikirani, mama. Mulungu kaye, injini pambuyo."

Ndadikira. Phula la pamsewu lafewa, sitandi ikumira pang'onopang'ono. Ndaigwirira njinga ndi phewa kuti isagwe, mpaka swala itatha. Anthu akuganiza kuti ndikuigulitsa. Awiri afunsa.

Abwera. Avula mkanjo, aupachika pa msomali. Aizungulira osaikhudza.

"Iyi ndi ya Rajabu."

"Eya."

"Inna lillahi, tonse ndi a Mulungu." Kenako anunkhiza tcheni. "Mumafuna kuikazinga?"

Amasula pulagi, kachitsulo kamene kamayatsa moto mkati mwa injini. Andionetsa: yakuda ngati kunsi kwa mphika, yonyowa petulo. "Yamwa mopitirira. Yaledzera iyi." Aipala ndi sandipepa, aipukuta, aibwezera. Alumikiza waya wa makoswe uja. Atsuka tcheni ndi parafini, athira oyilo weniweni. Agwiragwira kumanzere kwa injini, sindinaone bwino chimene achita.

Kiki kamodzi. Kamodzi kokha!

Ikulira bwinobwino, yopanda utsi, yosabanika. Ndagwira pakamwa.

"Kwerani, mama, muzipita kusanade."

Ndayang'ana. Ogulitsa tomato, osoka nsapato, akabaza a pa siteji, onse ochokera ku mzikiti. Maso ngati chimanga pa chitsononkho.

"Mwendo ukupweteka," ndatero. Si bodza lonse.

Ndazimitsa. Ndaikankha njira yonse kubwerera kunyumba, njinga yamoyo, thanki ili ndi mafuta. Koma ndikumwetulira ngati wamisala. Ngakhale kulemera yachepa.

Kunyumba dzuwa lisanalowe. Amayi ndawakhazika pampando kuti aone. Bisimila, choko, kiki.

Yalira. Amayi akweza manja. Utsi wakuda. Bu, bu, bu.

Ndayesanso. Ndayesanso. Fungo la petulo pabwalo ponse.

Amayi: "Kwa mdala uja imalira, kwa iwe ikukana. Mwina ikufuna mwamuna."

Mwina ikufuna mmodzi yekha. Ifenso.

Loweruka

Lero linali lopuma ndi kuchapa mpango.

Ndanyamuka kusanatenthe, njira yomweyo, mitengo yomweyo. Pa chikwangwani paja, mmodzi wa ondifunsa dzulo: "Atha kachiwiri?"

Che Kasimu andiona ndikadali patali, aika tiyi pansi. Amasula pulagi. Yakuda, yonyowa, ngati dzulo sanaigwire.

"Mama, sindiikhudzanso mpaka ndione. Ilizeni inuyo. Chitani zonse mmene mumachitira kwanu."

Atembenuza njinga kuti ndiyang'ane kukhoma, ndisaone anthu. Mdala ameneyu amadziwa zambiri kuposa injini.

Bisimila. Ndakoka choko.

"Imani pomwepo. Mwatani?"

"Choko."

"Kutentha kuno?"

"Anandiuza kuti ndisadzaiwale."

Avula magalasi. "Anakuphunzitsani mwezi wanji?"

"Juni. Mmamawa."

Aseka pang'ono, koma osati kundiseka. Andikhazika pa tayala lakale n'kundifotokozera ngati mwana wa kumadrasa. Akuti choko ndi bulangeti la injini. Mu Juni, mwera ukuwomba, mame ali pampando, injini imadzuka yozizidwa, ndiye umaifunditsa kuti imwe petulo wambiri. Ikangotenthera umaivundukula. Koma Okutobala wa kuno, ngakhale mmawa, siifuna bulangeti. Ukaifunditsa n'kuisiya choncho, imabanika.

"Njinga ili ndi nyengo zake, mama. Kukazizira, choko pang'ono, n'kuidikira itenthere. Kukatentha chonchi, choko ayi, yendani mmawa kapena madzulo, masana muziipumitsa pamthunzi, matayala musapope mpaka gwa. Mvula ikagwa, msewu wa ku Chiuta ndi phala, ingokhalani pansi. Nthawi yokoma ndi Meyi, matope atauma, fumbi lisanayambe. Rajabu akanakuuzani zonsezi. Anangofika pa phunziro la Juni."

Ndangoti, "Eya."

"Koma ndifunse. Mukakoka, ankabweza ndani? Chifukwa sichibwerera chokha."

Sindikudziwa. Sindinamvepo zoti chimabwezedwa.

"Iye ankakhala kuti?"

"Kumbuyo."

"Mukayenda pang'ono, dzanja lake lamanzere silinkatsikira apa?" Aloza pafupi ndi bondo langa.

Linkatsikira.

Masiku onse atatu. Tikangodutsa pa golo yoyamba, dzanja lawo linkatsetsereka pambali pa bondo langa. Ine ndinkalimenya n'kumati, "Aaa, inu, anthu aona!" Iwo ankangoseka kukhosi kwanga. Sanandiuze. Miyezi inayi ya eda ndakhala ndikulikumbukira dzanja limenelo.

Ankabweza choko.

Ndalira pa tayala la Che Kasimu, pamsika, Loweruka, anthu onse akuona. Ine amene sindiyetsemula pagulu. Mdalayo wapala pulagi nthawi yaitali kuposa dzulo, nkhope kukhoma. Pomaliza wanena osatembenuka: "Mwina ankachita zonse ziwiri. Ndinkamudziwa mnyamata ameneyo."

Kunyumba ndauza amayi kuti vuto lonse linali choko. Atuluka. Abwera atafumbata kanthu m'chitenje, akupuma mwamphamvu, achokera kwa amwalimu a kumadrasa. Choko cholembera pa bolodi, zidutswa ziwiri, choyera ndi chachikasu.

"Ukananena Lolemba! Timathira pati?"

Ndaseka mpaka bondo kutsegukanso. Misozi yomweyo, yangosintha ntchito.

Madzulo pa bwalo la mpira, palibe munthu. Bisimila. Dzanja ndalibisa kukhwapa. Kiki. Yalira kamodzi!

Giya yoyamba. Ndayenda ndekha kuchoka pa golo ina kufika pa inzake. Kumsana kukuzizira, ngakhale kunja kukutentha. Pofika pa golo ndakhotetsa chiwongolero koma njinga ikungopita kutsogolo. Kani pokhota ankapendekeka ndi iwo, ine ndinkangotsatira. Ndaima m'munda wa nandolo wa aphunzitsi.

Zilibe kanthu. Alamu sananene zokhota. Anati pamwamba, injini ikulira. Chimenecho ndikutha.

Ndasoka mpango.

Lamulungu

Alamu afika dzuwa lili pamutu, thumba la nsomba zouma m'manja, la amayi. Aonda. Akamaseka amatseka diso limodzi ngati mng'ono wawo. Ndinali nditaiwala.

Mayi Chikopa auzanso munthu mmodzi yekha. A kutchalitchi adzera pomwepo osavula za kutchalitchi. Azibambo a bawo. Wa msongolo uja ndi ndodo. Azimayi a kumjigo. Akabaza atatu aja aima kumpanda. Ngati ukwati.

Ndaitulutsa. Ndaiimika pamthunzi, monga anenera Che Kasimu. Ndakwera. Ndagwira chiwongolero.

Alamu: "Tiyeni nazo, adalaivala."

Anthu aseka. Bisimila.

Mutu ukudziwa. Mutu wanena momveka: usakhudze. Ndikamayang'ana pansi, dzanja lakoka kale.

Kiki. Yalira. Anthu akuwa, Mayi Chikopa alulutira. Utsi wayamba kuda.

Ndikudziwa pomwe kachitsulo kali. Ndi chala chimodzi chokha, kukankha basi. Nthawi inalipo yokwanira, ndinaimva ikuyamba kubanika, bu, bu. Ndikulemba zoona pano chifukwa palibe adzawerenge: sindinaiwale. Ndinadikira. Ndinagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, maso kutsogolo, bondo lili pomwe limakhala, ndikudikira.

Yazima.

Pabwalo zii. Nkhuku yokha.

Alamu ayandikira, atsitsa mawu kuti ena asamve: "Yaliratu, mlamu. Tonse tamva. Yesaninso, sitikuthamangira kulikonse."

Mmodzi wa akabaza: "Choko icho, alamu! Bwezani choko!"

Ndikudziwa, achimwene. Zikomo.

Ndatsika. Ndazula kiyi, ndagwada, ndapereka ndi manja awiri. Alamu sakulandira. Ndakhala chogwada mpaka alandira.

"Simukukakamizidwa," akutero.

"Ikangokhala imawola," ndatero ine. Mawu ambiri chonchi sindinawalankhulepo kwa iwo chikwatiwire.

Adya, apemphera ndi amayi, adikira dzuwa lipendeke. Anthu abalalika mmodzimmodzi, okhumudwa ngati mpira wathera ziro ziro. Alamu abweza choko ndi chala chimodzi osayang'ana n'komwe. Aponda kangapo kuti petulo aume. Yadzuka.

"Mvula ikatha, msewu ukauma, ndidzabwera nayo. Mu Meyi. Mudzayesenso kuli kozizira bwino."

"Insha Allah."

Tonse tikudziwa kuti pofika Meyi idzakhala ikununkha nsomba, kumbuyo atamangako dengu.

Ndaima pa mpanda kumvetsera. Alamu amasintha giya msanga, saikoka mpaka iimbe. Isanafike n'komwe pa chigayo yasakanikirana ndi zina za pamsewu. Ndatchera khutu, ndalephera kuisiyanitsa.

Zotsala:
galasi losweka;
bondo;
ana a khoswe, amene asamukira m'dengu la zovala.

Ndasesa kuchipinda pomwe inkaima. Pansi pali madontho atatu a oyilo, sakuchoka. Amayi akufunsa ngati tiikepo matumba a chimanga. Ndati mawa.

Sindinkadziwa kuti chipinda chathu ndi chachikulu chonchi.